Kodi chitsamba chingadzutse munda wophedwa ndi mchere?

M'dera lolima tirigu kum'mawa kwa mzinda wa Perth, ku Australia, kuli minda yoyera mbuu ngati wina wawazapo ufa. Ukaponda, nkhanambo ya mchere imasweka ndipo phazi limatitimira m'matope. Mitengo inauma chiimire.

Mcherewu unalipo kale. Unagona pansi zaka zikwizikwi pamene bulugamu ndi zitsamba za mizu yakuya zinkamwa madzi a mvula asanaufike. Alimi atagwetsa nkhalangoyo n'kufesa tirigu, mbewu ya mizu yaifupi, madzi a pansi anakwera atasenza mchere. Injiniya wa njanji W. E. Wood anachenjeza za izi mu 1924, koma nkhalango inapitirira kugwa. Lero mahekitala oposa 1 miliyoni anawonongeka m'chigawochi.

Alimi ambiri kumeneko akubzala saltbush, chitsamba cha masamba otuwa chimene mchere suchiopsa. Ochiikira kumbuyo ali ndi mfundo zomveka. Mizu yake imamwa madzi n'kuwatsitsa pansi, mthunzi wake umachepetsa kuuma kwa dothi kumene kumakokera mchere pamwamba, ndipo udzu umayamba kumera pakati pa mizere. M'chilimwe, msipu wonse utauma, icho chimakhala ndi masamba, nkhosa n'kumadya. Bungwe la kafukufuku la CSIRO linasankha mtundu wina, Anameka, poona umene nkhosazo zinkauthamangira. Malo amene mlimi anawataya ayambanso kumudyetsa.

Okayikira nawonso sakunama. Chitsambachi sichichotsa mchere m'munda: umene chakoka umabwerera pansi masamba akayoyoka. Masambawo ndi amchere kwambiri, moti nkhosa siinganenepe nawo okha. Imafuna udzu wina ndi madzi abwino ochuluka. Pamene madzi amadikha nthawi yaitali, chitsambacho chimafa. Ndipo tirigu, amene ankabweretsa ndalama zenizeni, kawirikawiri sabwereranso. N'chifukwa chake ena amakonda kukumba ngalande zakuya, ngakhale madzi amchere otulukamo amakaononga mitsinje ndi minda ya anzawo kumunsi.

Palinso ngozi ya mlendo wolanda nyumba. Mtengo waminga wa Prosopis, wopirira mchere ndi chilala, unabzalidwa ndi mtima wabwino m'maiko ambiri a mu Africa. Ku Baringo, m'dziko la Kenya, unameza madambo odyetserako ziweto, ndipo kwathu kuno wafalikira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Poyeza mbali zonse, ine ndikuona kuti chitsamba n'choyenera kubzala, bola mlimi auzidwe zoona. Munda wake subwerera mmene unalili, usanduka busa. Limenelo ndi phindu ndithu, koma lochepa poyerekeza ndi chimene chinatayika.

Nkhaniyi ikutikhudza. Ku Chikwawa ndi Nsanje ilipo mijigo imene madzi ake samweka chifukwa cha mchere, ndipo n'kuchigwa komweko kumene ngalande yochokera ku Kapichira ikupita kukathirira mahekitala oposa 40,000. Walira mvula walira matope: madzi othirira akasowa potulukira, adzakweza mchere monga zinachitikira minda ya tirigu ija. Tikumbe ngalande zotulutsira madzi, tiyeze dothi chaka ndi chaka, tisunge mitengo kumtunda. Chenjezo la Wood a ku Australia analimva mochedwa. Ife talimva chimanga chikadamera.