Chenjezo kwa anthu a ku Marávia: ngongole ya zida zolondera malire timabweza ndife

Mafumu athu, anyakwawa, abusa, aphunzitsi, amayi ndi abambo a ku Fingoé, Malowera, Chiputo ndi Chipera, tcherani khutu. Tsiku limene mudzamve kuti boma likufuna kugula makamera, maradara kapena tindege topanda woyendetsa toti tizilondera malire athu ndi Zambia kapena nyanja ya Cahora Bassa, musadzafulumire kuomba m'manja. Mudzayambe mwafunsa mtengo wake, dzina la kampani yogulitsayo, ndi kumene kudzachokere ndalama zobwezera ngongoleyo. Dziko lino la Mozambique lidapsa kale ndi malonda a mtundu womwewu, ndipo mpaka lero tikulipirabe.

Mu 2013 ndi 2014, mu ulamuliro wa Armando Guebuza, makampani atatu otsogozedwa ndi akuluakulu a SISE, nthambi ya ukazitape ya boma, adakongola ndalama zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni a ku America. ProIndicus idatenga madola 622 miliyoni ponena kuti igula maradara ndi mabwato aliwiro olondera gombe la nyanja ya mchere. EMATUM idatenga 850 miliyoni za zombo zophera nsomba za tuna, ndipo MAM idatenga 535 miliyoni za malo okonzera zombozo. Obwereketsa adali mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Wogulitsa zida adali mmodzi yekha, kampani ya Privinvest ya Iskandar Safa. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, idasaina kuti makampaniwo akadzalephera kubweza, boma lidzabweza. Nyumba ya Malamulo sidafunsidwe. Ofuna kudziwa zambiri adatsekedwa pakamwa ndi mawu oti imeneyi ndi nkhani ya chitetezo cha dziko.

Taonani mmene ndalamazo zidayendera, chifukwa mutu wa nkhani wagona pamenepa. Sizidafike n'komwe ku Maputo. Mabanki adachotsapo malipiro awo, zotsalazo n'kuzitumiza mwachindunji ku Abu Dhabi, kumaakaunti a Privinvest. Wogulitsa adalandira zake zonse pachiyambi pomwe, chida chisanagwire ntchito ndi tsiku limodzi lomwe. Kaya radara iyake kaya isayake, kaya bwato liyende kaya lichite dzimbiri padoko, iye adali atakolola kale. Mu 2017 akatswiri ofufuza mabuku a kampani ya Kroll adapeza kuti madola 500 miliyoni sakudziwika kumene adalowera, ndiponso kuti mitengo ya zida idakwezedwa ndi ndalama zoposa madola 700 miliyoni. Oimira boma la America pa milandu adati ziphuphu ndi za m'thumba zidakwana pafupifupi madola 200 miliyoni. Zombo 24 za nsomba zija zidakhala zaka zikuola padoko la Maputo. Ndipo gombe lomwe ankati lilonderedwa lija ndi lomwelo limene zigawenga zidalandapo doko la Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2020, n'kuthira nkhondo tauni ya Palma mu Malichi 2021.

Chinsinsi chidaululika mu Epulo 2016. Bungwe la IMF ndi mayiko othandiza adaimitsa thandizo lawo. Dola imene mu 2014 inkagulidwa ndi mametikali 30 ndi pang'ono idadutsa 70 chaka cha 2016 chisanathe. Amene mumagula mchere, sopo, mafuta ophikira ndi shuga pamsika wa Fingoé simufunika kukumbutsidwa. Mayi ankamasula mfundo ya chitenje, kuwerenga ndalama kawiri, kenako n'kubweza botolo la mafuta pa tebulo la wogulitsa n'kupempha kuti amuyezere a m'kapepala. Mlimi wa fodya adapeza kuti ndalama ya mabelo ake sikugulanso malata amene adawerengera podzala. Anthu amenewa sadaonepo bwato la ProIndicus, ena mwa iwo ndi nyanja ya mchere yomwe sadaionepo, koma ngongole idawapeza pakhomo. Kafukufuku amene bungwe la CIP la ku Maputo lidatulutsa mu 2021 pamodzi ndi Chr. Michelsen Institute ya ku Norway adapeza kuti pakati pa 2016 ndi 2019 nkhaniyi idatayitsa dziko madola osachepera 11 biliyoni ndipo idagwetsera mu umphawi anthu pafupifupi 1.9 miliyoni.

Nanga eni ndalama akunja amene adagula zikalata za ngongole ya EMATUM pofuna chiwongoladzanja? Zoona, adagwidwa nthumanzi pamene boma lidalephera kulipira mu Januwale 2017. Koma sadapite chimanjamanja. Mu 2019 ngongoleyo idalembedwanso kukhala madola 900 miliyoni, chiwongoladzanja chake 5 pa 100 iliyonse, chomwe chidakwera kufika 9 pa 100 kuyambira 2023. Mutu wa ngongoleyo uyamba kubwezedwa mu 2028 mpaka 2031. Zonsezi zikuchitika ngakhale khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la Conselho Constitucional lidagamula mu 2019 kuti ngongole ya EMATUM ndi yosavomerezeka, n'kugamulanso chimodzimodzi za ProIndicus ndi MAM mu 2020. Chaka ndi chaka madola oposa 80 miliyoni akutuluka m'thumba la boma kukalipira chiwongoladzanja chokha, pamene msewu wobwera ku Fingoé umatizunza dzinja lililonse.

Ena adalangidwa, tisabise. Mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo lidagamula Ndambi Guebuza, mwana wa mtsogoleri wakale, kuti akhale kundende zaka 12, chimodzimodzinso Gregório Leão amene adali mkulu wa SISE. Chang adagwidwa ku Johannesburg mu Disembala 2018, adatumizidwa ku America mu 2023, ndipo khoti la ku New York lidamupeza wolakwa mu 2024. Credit Suisse idalipira chindapusa cha pafupifupi madola 475 miliyoni mu 2021, chomwe chidapita ku nthambi za boma za ku America ndi Britain, osati kwa ife. Mu Julayi 2024 khoti la ku London lidagamula mokomera Mozambique pa mlandu wake ndi Privinvest. Zonsezi n'zabwino kumva, koma mwana amene adasiya sukulu mu 2016 bambo ake atalephera kumugulira makope, chigamulo sichimubwezera zaka zake.

Musaganize kuti ndi vuto la mayiko osauka okha. Mu 2006 boma la America lidapatsa kampani ya Boeing ntchito yomanga nsanja za makamera ndi maradara m'malire ake ndi Mexico. Mu 2011 ntchitoyo idathetsedwa itadya pafupifupi dola 1 biliyoni, itafika makilomita pafupifupi 85 okha. Boeing idalandira zake. Malonda amenewa amakomera wogulitsa chifukwa wogula ndi boma, mtengo umabisika m'dzina la chitetezo, ndipo akaika chida chimafuna zosinthira, akatswiri ndi mapulogalamu a kampani yomweyo kwa zaka zambiri.

Chikundichititsa mantha n'chakuti kuno kwathu zifukwa zogulitsira zida zoterezi sizisowa. Malire athu ndi aatali, a m'thengo. Golide amakumbidwa n'kutuluka mobisa, mitengo ikuluikulu imadulidwa, ng'ombe zimabedwa n'kuwolotsedwa usiku. Kuyambira pamene nkhondo ya ku Cabo Delgado idayamba mu 2017, ogulitsa chitetezo akhala akupondana: Wagner ya ku Russia mu 2019, Dyck Advisory Group ya ku South Africa mu 2020. Mavuto athu ndi enieni, ndipo inenso ndikufuna wakuba ng'ombe agwidwe. Koma kamera ya pansanja imaona msanga mayi wosenza thumba la chimanga kupita kuchigayo mbali za ku Petauke, kapena nkhalamba yopita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kukalambira Kalonga Gawa Undi. Lole yodzaza matabwa yomwe imadutsa masana ndi zikalata zogula ndi chiphuphu, kamerayo ilibe nayo mawu. Malire amenewa adadula mabanja pakati, malume uku, mphwake uko. Chida chobwera popanda kufunsa eni mudzi chidzasandutsa ulendo wa kumaliro kukhala mlandu.

Choncho musadikire kuti mumve zitasainidwa kale. Lamulo nambala 34 la 2014 limapatsa nzika iliyonse ufulu wopempha kuona zikalata za boma, ndipo ngakhale zina za chitetezo zimabisidwa, ngongole imene tidzabweze tonse siyenera kukhala chinsinsi. Inu amene mumakhala nawo pa misonkhano ya alangizi a boma la Marávia ndi ya m'madera, nkhani ya zida za malire ikadzangotchulidwa, mudzafunse ngati padali mpikisano wa makampani poyera, ngati Nyumba ya Malamulo idavomereza ngongoleyo, ngati khoti la Tribunal Administrativo lidaona mgwirizanowo, ndiponso ngati kampani ilipidwa zonse ntchito isanayambe. Mudzafunsenso amene azikonza zidazo zikafa, ndi kumene zithunzi za nkhope zathu zizikasungidwa. Mafumu, munthu akabwera ndi pepala lofuna malo oikapo nsanja kapena msasa, musadinde chala tsiku lomwelo. Liwerengedwe pabwalo m'chinenero chathu, anthu onse akumva, ndipo kope limodzi litsale m'manja mwanu. Aphungu oimira chigawo cha Tete, alembereni makalata, muwafunse kuti ngongole yoyamba kubwezedwa mu 2028 idzachotsedwa pa ndalama ziti, za chipatala kapena za sukulu. Akakuyankhani kuti n'zachinsinsi cha boma, mudzawatchulire dzina la ProIndicus, mudzakatulenso nkhaniyo pa wailesi ya m'dera ndi kutchalitchi Lamulungu lotsatira.