Dzina la Nkhata pa Mseu Silikwanira

Ife a kuno ku Kafue amene timapitapita ku Lusaka timaudziwa mseu wa Alick Nkhata, kumene kuli nyumba ya wailesi ya ZNBC. Koma tafunsani anyamata a pa msika kuti mwini dzinalo anali yani. Ambiri adzangoyang'anana.

Bambo Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Atabwerako ku nkhondo ku Burma, anayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za m'midzi, kenaka analowa nchito pa wailesi ya mu Lusaka. Masiku amenewo mudzi wonse unali kuunjikana pa kawailesi kooneka ngati poto, kamene kanafika mu 1949. Iwo anatenga nyimbo za makolo naziika pa gitala, naziimba m'Cibemba ndi m'Cinyanja, kotero kuti munthu wakuda anayamba kudzimva yekha m'bokosi la mzungu. Pa nthawi ya Citaganya imeneyi sinali nchito yamasewera. Anafa mu October 1978 ku Mkushi, pamene asilikali a Ian Smith anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi famu yao.

Tsono dandaulo langa nali. Mbale ya nyimbo zao yakuti Shalapo inaturutsidwa mu 1991 ndi kampani ya ku London. Eni akefe tinali kuti? Matepi sakhala muyaya. Cinyontho ndi fumbi zimawadya mwakacetecete. Akuluakulu a wailesi apatule ola limodzi pa sabata la nyimbo za a Nkhata ndi anzao a Big Gold Six. Atumizenso ojambula ku madooko a mtsinje wa Kafue, akamvere asodzi opalasa bwato, nkhalamba zodziwa nyimbozo zisanathe.