Compiler izikana, pulogalamu isanagwire ndalama za anthu

Achinyamata athu olemba mapulogalamu kuno ku Bradford timawaombera m'manja pulogalamu ikangoyenda. Ine ndikufuna tiyambe kuwafunsa kuti compiler inakanapo liti ntchito yawo, ndipo anamvera kapena anaitseka pakamwa.

Pulogalamu yosunga malipiro imakhala ndi malamulo amene alibe malo amodzi: wotsegula failo alembedwe dzina, wosintha chiwerengero asiye phazi. Lamulo lotere limamwazikana m'mizere zikwizikwi, ndipo munthu wotopa Lachisanu madzulo amadumpha pena. Mu 1997 Gregor Kiczales ndi anzake a ku Xerox PARC anati lamulolo lizilembedwa kamodzi, padera, makina n'kumalilukira paliponse pofunika. Ndiyo aspect-oriented programming, ndipo AspectJ, yowonjezera pa Java, inachokera kumeneko. Msonkhano waukulu wa nkhaniyi unachitikira chapafupi pompa, ku Lancaster, mu 2004.

Ambiri amati zimenezo zinatha fasho. Sizinathe, tinangotolapo mbali yofewa. Makampani amakonda Spring, kumene lamulo limamatidwa pulogalamu ikuyenda kale. Mulembe @Transactional pamwamba pa method, kenako method ina ya m'class yomweyo iitane imeneyo: lamulo lija lilumphidwa, popanda ngakhale kutsokomola. Pamene mu AspectJ muli declare error. Mumalemba kuti wokhudza database osadzera pakhomo lovomerezeka walakwa, ndipo compiler imaima, n'kuloza mzere weniweniwo. Nayo ili ndi chilema chake, chifukwa mukasintha dzina la method, aspect, lamulo lolembedwa padera lija, imatha kuphonya. Komatu compiler imachenjeza kuti lamulo silinagwire paliponse. Chenjezo limeneli ndi limene anthu amalidutsa ngati chikwangwani cha pamsewu, poti bwana akufuna ntchito lero.

Mmalawi sayenera kuuzidwa kawiri. Pa Cashgate mu 2013, anthu ankalipira mabiliyoni kudzera mu IFMIS n'kufufuta zolembedwazo. Pulogalamu ya ndalama za boma yolola munthu kufufuta mapazi ake, ndani anaivomereza?

Wina anditsutsa ndi nkhani ya mumzinda uno. Mu 2014 Andrew Skelton, wofufuza mabuku ku likulu la Morrisons, anaika pa intaneti zamalipiro a antchito pafupifupi 100,000, ndipo mu 2015 khoti la Bradford linamulamula kukhala m'ndende zaka 8. Anali ndi chilolezo chogwira mafailowo, choncho palibe compiler ikanamuletsa. Zoona. Koma wakuba wokhala ndi kiyi si chifukwa chosiyira mawindo pululu. Zolakwa zambiri si za mbava ayi, ndi za anthu abwinobwino oiwala, ndipo zimenezo makina amatha kuzigwira pulogalamu isanatuluke m'ofesi.

Aphunzitsi ndi olemba anthu ntchito, kuno ndi kumudzi komwe, lamulani kuti chenjezo la compiler liziwerengedwa ngati cholakwa. Ntchito yobwera ndi machenjezo ibwezedwe kwa mwini wake.