Tiyendeko ndi ana kuzungulira mudzi

Tchuthi chikafika mabanja ambiri a m'tauni amapita ndi ana kumudzi kukaona agogo. Anawo amafika, kupereka moni, kenaka n'kukhala pakhonde maso ali pafoni kufikira tsiku lobwerera. Nawonso ana okulira kumudzi, ngakhale amadziwa njira ya kumjigo ndi ya kuchigayo, amaiyenda chothamanga atatumidwa, popanda wamkulu wowalongosolera zimene akuona. Ife tikuti ulendo waufupi wozungulira mudzi, wa ola limodzi kapena awiri, makolo ndi ana awo, ndi udindo umene banja lililonse liyenera kuusunga.

Pali nzeru zina zimene munthu sangaphunzire ali chikhalire. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'Malawi amakhala kumidzi, ndipo pafupifupi theka la anthu onse ndi ana osakwana zaka 18. Minda, madambo ndi nkhalango zimene zikutidyetsa lero zidzakhala m'manja mwawo. Buku la Deuteronomo, mutu 6, polangiza makolo za kuphunzitsa ana, silidaiwale nthawi imene banja lili pa ulendo. Njira nayonso ndi sukulu.

Titenge chitsanzo cha midzi yozungulira phiri la Mphunzi m'boma la Dedza. Ulendo ungathe kuyamba Lamulungu masana, titabwerako kutchalitchi, dzuwa litapendeka. Poyamba tiime pamunda wa banja ndi kuwaonetsa ana malire: chulu ichi, mwala uwo, mzere wa khonje uja. Tonse tikudziwa mmene milandu ya malo imadanitsira abale a bere limodzi akamwalira amene ankadziwa malire. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 limalola mabanja kulembetsa malo awo, koma wolembetsayo ayenera kudziwa pamene malowo ayambira ndi pamene athera. Mwana amene adapondapo malire ali ndi agogo ake sanamizidwa msanga.

Tili m'mundamo tiwatchulire mayina a mitengo ndi ntchito zake. Msuku umapatsa zipatso chakumapeto kwa chaka, chakudya chikuyamba kuchepa m'nkhokwe. Tikapeza nsangu tiwauze kuti mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga, ndipo masamba akewo amabwezera chonde m'nthaka. Mwana wodziwa dzina la mtengo sathamangira nkhwangwa.

Kuchoka pamenepo titsikire kudambo, kumene kuli madimba a mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato. Tiwafunse anawo kuti madziwa achokera kuti, kenaka tiwalozere kuphiri. Mitengo ya kumtunda ikatha, mvula siilowa pansi. Imangothamanga ndi kukokolola nthaka, ndipo zitsime zimaphwa chilimwe chisanafike pakati. Pomwepo tiwachenjezenso kuti asasambe m'madzi odikha, pakuti tinkhono ta m'menemo ndi timene timasunga tizilombo ta likodzo.

Njira ikatidutsitsa pafupi ndi manda, tichepetse mawu, ndipo tisalowemo popanda chilolezo cha amfumu. Tiwauze ana mayina a makolo amene adagona kumeneko. Tiwaonetsenso chinthu china: m'midzi yambiri mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, chifukwa palibe wodulako mwachisawawa. Kankhalango kameneko ndi umboni wa mmene dera lonse linkaonekera kale.

Ku Mphunzi kuli mwayi winanso. M'matanthwe a phirilo muli zojambula zakale, gawo la malo 127 a dera la Chongoni amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, pamene zoyera ndi za makolo a Achewa. Alendo amachokera kutsidya la nyanja kudzaziona, nanga n'kulekeranji mwana wa pafupi pomwepo? Tipite ndi wotiperekeza wa m'deralo, ndipo tiwaphunzitse ana kuti zojambulazo sazigwira kapena kulembapo ndi makala. Si mudzi uliwonse uli ndi matanthwe otere, koma uliwonse uli ndi chake: mtengo wa pabwalo la milandu, chitsime chakale, kapena bwinja pamene mudzi udayambira.

Ena anganene kuti kungoyenda popanda katundu pamutu ndi ulesi, ndipo ana akumudzi amayenda kale mokwanira. Zoona, ntchito ndi yambiri ndipo thupi limatopa. Komabe mwana wotumidwa amaona njira yokha, pamene woyenda ndi kholo amafunsa ndi kuyankhidwa. Ndi pa ulendo wotere pamene mwana wamanyazi amatulutsa zimene sangathe kuzinena pamphasa anthu onse akumva.

Ulendowu sufuna ndalama. Titenge madzi akumwa, ana avale nsapato poopa minga, ndipo akulu atsogole pamene pali udzu wautali chifukwa cha njoka. Liwiro likhale la mwana wamng'ono pa onse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tipereke moni kwa aliyense wokumana naye, tisathyole kanthu m'munda wa eni, ndipo tibwerere kusanade. Ngati agogo akadali ndi mphamvu, atsogole ndiwo. Ife makolo tidzamvanso zambiri zatsopano.

M'mera m'poyamba. Amene akudziwa malire, mayina a mitengo ndi mbiri ya mudzi sadzakhala nafe mpaka kalekale. Sabata ino isathe tisanagwire dzanja la mwana ndi kumuuza kuti tiye tikazungulire mudzi.