Mukukangana za golide ndi chitsulo, koma anakumba ndani?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu, lero ndabwera ndi mkwapulo wa pakamwa. Pakati pa anyamata athu amene zinthu zayamba kuwayendera, ena mu Lilongwe ena ku Joni, pabuka matenda osonkhanitsa mawotchi odula. Matendawa ali ndi mipingo itatu. Woyamba umati wotchi yeniyeni ndi ya golide, kuti wokuona adziwe kuti umphawi unatsanzikana nawo. Wachiwiri umati golide ndi wa anthu ongoziona kumene ndalama, njonda yozindikira imavala ya chitsulo chosachita dzimbiri. Wachitatu umayenda pakati, umafuna yosakaniza chitsulo ndi golide. Mipingo yonseyi imagwirizana pa chiphunzitso chimodzi, chakuti wotchi yodula ndi njira yosungira ndalama. Ine ndikuti nonse mukukanganirana mkute pamene nsima yotentha akudya ena.

Tiyambe ndi zimene tinaphunzitsana m'kalasi. Golide wa m'mawotchi odulawa si golide yekhayekha ayi. Amene amatchedwa 18 carat ndiye kuti pa magawo 1,000 alionse, 750 okha ndiwo golide, otsalawo ndi zitsulo zina monga kopa ndi siliva, chifukwa golide payekha ndi wofewa kwambiri. Chitsulo chosachita dzimbiri nachonso ndi chosakaniza, muli chromium ndi nickel, mtundu womwewo wa zinthu zimene amapangira masupuni ndi zida za kuchipatala. Zosakaniza ziwirizi pa wotchi imodzi si nzeru yatsopano: kampani ya Rolex inalembetsa dzina lakuti Rolesor la mawotchi oterewa mu 1933.

Tsono mtengo ukadakhala kuti uli mu chitsulocho, ya golide ikadapambana nthawi zonse. Koma taonani. Mu 1972 kampani ya Audemars Piguet inatulutsa wotchi ya chitsulo yotchedwa Royal Oak, ndipo inkadula kuposa mawotchi ambiri a golide a nthawi imeneyo. Patek Philippe inatsatira ndi Nautilus mu 1976. Mu October 2017, Rolex Daytona ya chitsulo imene ankavala katswiri wa mafilimu Paul Newman inagulidwa pa okushoni ku New York pa madola 17.8 miliyoni. Mu November 2019, Patek Philippe ina, ya chitsulonso, inagulidwa ku Geneva pa ma franc 31 miliyoni. Chitsulo chimene chili mu wotchi yotere sichingakwane n'kupangira khasu limodzi. Chimene anthu amalipira ndi dzina, mbiri, luso la amisiri ndi kusowa kwa chinthucho, ndipo zonsezi eni ake ali ku Switzerland. Wa golide ndi wa chitsulo nonse mukugula dzina la mwini.

Mwina muti mukulipira kulondola kwa nthawi. Apanso masamu akukukanani. A Rolex eni ake amalonjeza kuti wotchi yawo ikhoza kutsogola kapena kutsalira ndi masekondi awiri pa tsiku, ndiye kuti mpaka mphindi yathunthu pa mwezi. Ka Casio F-91W ka pulasitiki, kamene kanatuluka mu 1989, malire ake ndi masekondi 30 pa mwezi. Nkhani ya kulondola inatha kale mu 1969, pamene kampani ya Seiko ya ku Japan inagulitsa wotchi yoyamba ya pamkono ya quartz, yoyendera batire. Ife amene timayang'anira mayeso a MANEB, m'chipinda mmene foni ndi yoletsedwa, tikudziwa wotchi imene imagwira ntchitoyo.

Pa zosungira ndalama, nkhawa yanu ndi yomveka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene anasunga ndalama mu buku anaona zikusungunuka ngati mchere m'madzi. Koma chuma chosungidwa chimadziwika tsiku la mavuto. Mayi akadwala usiku ku Kabudula, mbuzi imagulika m'mawa mwake, ng'ombe imapeza wogula sabata isanathe. Wotchi ya madola zikwi khumi mukaigulitsa kwa yani pa Nsaru kapena pa Mpingu? Imafuna wogula amene ali ndi madola, amene adzafunse bokosi lake ndi zikalata zake, ndiponso mmisiri woitsegula kuti atsimikize kuti ndi yeniyeni. Ngakhale kunja komweko, mitengo ya mawotchi ogwiritsidwapo kale ntchito inafika pachimake kumayambiriro kwa 2022, kenako n'kutsika zaka zotsatira, ndipo amene anagula pamwamba analira.

Pamenepa ndikunena za amene ali ndi yeniyeni. Ambiri mwa mawotchi onyezimira amene timawaona pa maukwati ndi pa maliro kuno ndi achinyengo, ongopaka utoto wa golide pamwamba. Thukuta la mwezi wa October likagwira ntchito yake, mkono umasanduka wobiriwira. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kuyesa kwake n'kosavuta: golide wa 18 carat amalemera pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha kukula komweko, choncho wotchi ya golide yopepuka ngati chitsekerero cha botolo yadziulula yokha. Chondiwawa n'chakuti mwana wa Fomu 2 sadziwa zimenezi. Iye amangoona mkulu wake wabwera ku Joni mkono ukuwala, n'kuyamba kufunsa kuti sukuluyi ndi ya chiyani.

Izi si zachilendo kwa ife. Agogo athu ambiri a m'midzi ino anapita ku migodi ya golide ya ku Joni kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inadziwika kuti Theba. Ankabwera ndi njinga, wailesi, bulangete ndi wotchi pamkono, mudzi wonse n'kuwachingamira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo. Pa 4 April 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr Banda anaimitsa ulendowo, unayambiranso mu 1977, n'kutha mu 1988. Ena anabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo, matenda a silicosis ndi chifuwa chachikulu. Zinatengera milandu ya kukhoti kuti mu 2018 makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide avomere kupereka ma rand 5 biliyoni a chipukuta misozi, zimene zinabala bungwe la Tshiamiso Trust. Pamenepo n'kuti ambiri atagona kale kumanda. Anthu amene anakumba golide ndi manja awo anabwera ndi wotchi yotsika mtengo, ndipo lero adzukulu awo akutenga katapila kuti avale golide wabodza. Ngati zimenezi sizikukupwetekani, ndiye kuti phunziro la mbiri yakale tinaphunzitsa makoma.

Tsopano nayi nsima yotentha ija. Pali chitsulo chachinayi chimene mkangano wanu sukuchitchula, titanium. Ndi chopepuka, cholimba, sichichita dzimbiri. Kampani ya Citizen inapanga wotchi yoyamba ya titanium mu 1970, ndipo Rolex inatulutsa yake yoyamba ya titanium yokhayokha mu 2022. Titanium amachokera ku miyala monga rutile. Ndipo rutile ali kuti? Ali pa Kasiya pompa, m'boma lathu lomwe lino, pansi pa minda imene makolo a ana athu amalimamo chimanga, mtedza ndi fodya. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals, imene inafufuza malowa, inalengeza kuti ndi nkhokwe yaikulu ya rutile wachilengedwe kuposa ina iliyonse yodziwika pa dziko lapansi, ndipo mulinso graphite. Mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula magawo 15 pa 100 alionse a kampaniyo. Rutile wambiri amathera ku utoto woyera ndi ndodo zowotcherera, wina ndiye amasanduka titanium wa ndege ndi mawotchi.

Tinakula tikumva kuti chuma chili m'nthaka, ndipo tinkayesa akunena za khasu lokha. Ndiye mnyamata wa kwathu kuno, amene ali ndi MSCE yabwino ndi ndalama m'thumba, akathe usiku wonse kukangana za lamba wa wotchi? Mafunso oyenera msinkhu wake ndi awa. Mabanja amene minda yawo idzakhudzidwe adzapatsidwa chiyani, ndipo adzawerengera ndani? Nthaka ikadzakumbidwa idzabwezedwa yolimika? Boma lidzatolera zingati, ndipo zingati zidzafika ku khonsolo ndi kumudzi? Ntchito za mainjiniya, oyeza miyala ndi owerengera ndalama adzagwire ndani, ana athu kapena alendo, ife n'kutsala ndi ulonda wa pageti?

Funso lomalizali likuloza ife aphunzitsi. Tikuphunzitsa za zitsulo zosakaniza pa bolodi, m'masukulu ambiri a CDSS opanda chipinda choyeseramo za sayansi, ana n'kuloweza kuti akhoze mayeso basi. Tiyeni tiwauze kuti phunzirolo likunena za dothi la m'munda mwa agogo awo. Mphunzitsi wa mbiri yakale aitane nkhalamba imene inapita ku Theba idzalankhule m'kalasi isanatisiye. Wa masamu apatse ana ntchito yowerengera chiwongoladzanja cha katapila pa wotchi ya ngongole.

Ndipo inu ana athu amene Mulungu wakudalitsani, sindikuchitirani nsanje. Ndalama ndi zanu, thukuta ndi lanu. Mukandikakamiza kusankha, ndisankha ya chitsulo, chifukwa imapirira fumbi la msewu wa Nambuma ndipo siitana akuba m'depoti. Gulani imodzi, yeniyeni, ya mtengo umene simungalire nawo itatayika. Ndalama za yachiwiri ndi yachitatuyo, kumbukirani sukulu imene munaphunzirako. Kuli mtsikana wanzeru amene wabwezedwa chifukwa cha fizi, ndipo mwina ndi iyeyo akanadzayeza rutile wa pa Kasiya m'malo mwa mlendo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene sakugwirizana nane anditsutse ndi manambala, monga momwe tinkachitira m'kalasi.