Nambala Yaikulu Si Chilombo

Mphunzitsi akalemba nambala yaikulu pa bolodi, kawirikawiri amangofuna kuti ana aiwerenge mokweza. Akatero iye amafufuta nalemba ina. Ine ndikuti kaphunzitsidwe kotere nkoperewera, pakuti mwana amatuluka m'kalasi akudziwa dzina la nambala koma osadziwa khalidwe lake. Mwana wotereyu akakumana ndi samu yogawa pa mayeso, amagwidwa ndi mantha poona kutalika kwa nambala asanayambe nkuganiza komwe.

Tiyeni titenge 86,400, amene ndi masekondi a tsiku limodzi. Musawauze ana nambalayi ayi. Aipeze okha pochulukitsa maola 24 ndi mphindi 60, kenaka ndi masekondi 60. Akaipeza afunseni ngati ingagawike ndi 2. Adzavomera, popeza ikuthera ndi 0, ndipo pa chifukwa chomwecho igawikanso ndi 5 ndi 10. Nanga 9? Aphatikize 8, 6 ndi 4. Adzapeza 18, amene agawika ndi 9, motero nambala yonseyo igawika ndi 9 ndiponso 3. Akayesa manambala onse kuyambira 1 kulekeza 10, adzaona kuti 7 yekha ndiye akukana, pakuti pamatsala 6. Apa mwana wina adzafunsa chifukwa chake, ndipo funso limeneli ndilo phindu la phunziro lonse.

Yankho lipezeka pophwanya nambalayo kufikira patatsala manambala osagawikanso. Onetsani kuti 24 ndi 2 × 2 × 2 × 3, ndipo 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5. Tsono 86,400 yamangidwa ndi 2, 3 ndi 5 basi, 7 mulibemo. Timanambala titatu timeneti, pochulukitsana mosiyanasiyana, timabala manambala 96 amene amagawa 86,400 popanda chotsala. Mungawauzenso ana kuti kuwerenga m'magulu a 60 kudachokera kwa anthu a ku Babulo wakale, ndi kuti 60 ndi wokoma pogawa chifukwa manambala 12 amalowamo ndendende.

Ena adzati nthawi njochepa, silabasi njaitali, ndipo ana ngochuluka m'kalasi. Zimenezi nzoona, koma taonani kuti m'phunziro limodzili ana achulukitsa, agawa, aphatikiza, ndipo abwereza za nthawi. Zipangizo zake ndi choko ndi bolodi zokha. Kuchuluka kwa ana kungathandizenso: agaweni m'magulu, gulu lililonse liyese nambala yake, lidzafotokozere anzawo chimene lapeza.

Inu amene mukukonzekera kukayesera kuphunzitsa m'sukulu, sankhani nambala imodzi yaikulu, muyambe mwaiphwanya nokha musanaime pamaso pa ana. Mukalowa m'kalasi musathamangire kupereka mayankho. Alekeni ana avutike nayo pang'ono. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.