Mimbulu ikufunika maso athu, osati a alendo okha

Mu 2021 mimbulu 14 inabwera pa ndege kuchokera ku South Africa ndi Mozambique, n'kukaikidwa ku Liwonde ndi ku Majete. Chaka chotsatira gulu lonse la ku Liwonde linafa ndi poizoni. Nkhaniyi imandiwawabe mpaka lero.

Mu Africa monse mwatsala mimbulu pafupifupi 6,600 yokha. Nthawi zambiri opha nyama mozemba safuna mmbulu. Amatchera mbawala misampha ya waya. Koma mimbulu imayenda mitunda italiitali posaka, ndiye imakodwamo. Pagulu lonse waukazi mmodzi ndiye amabereka kawirikawiri, choncho akafa iyeyo, gulu lagwa.

Chimandidabwitsa n'chakuti ntchito yodzipereka yotsatira mimbulu, kulemba kumene yadutsa ndi kusakasaka misampha timaiona ngati ya alendo olipira madola. Kachipangizo ka GPS ka m'khosi kamangonena pomwe mmbulu uli. Sikangakhale pansi ndi amfumu n'kufunsa chimene chikuchititsa anyamata kutchera waya. Ifeyo tingathe, chifukwa chilankhulo ndi njala ya kumudzi timazidziwa.

Anzanga, tchuthi chikubwerachi kagogodeni ku ofesi ya paki yapafupi. Malipiro kulibe, n'zoona. Koma tikakhala chete, tidzangomvanso za gulu lina litatha.